Lamulungu la Kulosera ku Bur Dubai

Amuna anga anawachotsa ntchito kumayambiriro kwa Ogasiti, mwezi umene Dubai imatentha mpaka magalasi a m'maso amachita nthunzi ukangotuluka pakhomo. Anafika masana, nthawi yoti munthu wapantchito sangakhale pakhomo, atanyamula kapu yawo ya tiyi ya ku ofesi ndi nsapato zawo zapasaiti m'jumbo. Ine tsiku limenelo ndinali pa ofu. Anatsuka kapuyo, n'kuiika pakati pa makapu athu ena, kenako anandiuza kuti kampani yamaliza nyumba zimene inkamanga ndipo anthu owerengera zipangizo sakufunikanso onse. Ndinawafunsa ngati adya. Anati ayi. Ndinawakazingira mazira.

Ndinkadikira kuti ndilire kapena ndipse mtima, poti ine kupsa mtima sindichedwa, aliyense wondidziwa angakuuzeni. Palibe chinabwera. Mumtima munangochita dzanzi. Ndinkapita kuntchito, kuyeza anthu magazi, kubaya ana jakisoni n'kuwauza kuti khalas, yatha, kubwerera kunyumba, kudya chakudya osamva kuti muli mchere kapena mulibe.

Kuno ntchito ikatha viza imathera pomwepo. Amakupatsa kanthawi koti upeze ina, ikapanda kupezeka ulongedze. Ine ndine nesi pa kachipatala kena ka ku Al Qusais, viza yanga ndi yangayanga, ndipo lamulo limalola mkazi kuika mwamuna wake pa viza yake. Ana athu awiri ali kusukulu yogonera komweko kumudzi, ndipo ntchito yokhayo imene inatsala yowasunga kumeneko inali yanga, choncho zoti ine ndichoke panalibe. Funso linali limodzi basi: amuna anga atsala pa viza yanga, kapena apita kumudzi n'kundisiya ndekha.

Patapita masiku ndinaiyamba nkhaniyo tikudya.

"Abambo, ndafunsa kuntchito. Akuti ndikhoza kukuikani pa viza yanga. Mukhale, muzifunafuna ntchito mosathamanga."

"Ndamva."

"Ndiye?"

"Ndati ndamva, mayi."

Pa viza yoteroyo amalembapo dzina la amene akukusunga. Amuna anga ndi a ku Ntcheu, anthu oti ngakhale thumba langa la m'manja salola kuti ndiwalipirire basi nalo anthu akuona. Sindinafunsenso. Ndinadziwa kumene yankho lidzatulukire, ndiponso tsiku lake: Lamulungu lomaliza la Ogasiti, ku fulati ya amalume ku Bur Dubai, polosera mpira wa ku America.

Mpira umenewu amuna anga anautola kwa bwana wawo woyamba kuno, mzungu wa ku America amene Lolemba lililonse ankafika ku ofesi ali wosangalala kapena atatupa, malingana ndi mmene timu yake yachitira. Amuna anga anayamba kuutsata kuti azidziwa Lolemba loyenera kupempha tchuthi. Bwanayo anapita kwawo kalekale, koma matendawo anatsala m'nyumba mwanga. Mpira wake ndi wooneka ngati papaya. Anthu ovala zipewa ngati za a njinga zamoto amagundana, kugwa mulu umodzi, woyimbira n'kuimitsa, n'kuyambiranso zomwezo. Matimu ake anawagawa m'magulu asanu ndi atatu, gulu lililonse matimu anayi. Amayamba kusewera mu Seputembala, ndipo pofika Januwale zimadziwika kuti gulu lililonse watsogola ndani. Masewero asanayambe, anthu okonda mpirawu amalimbana polosera otsogolawo.

Amuna anga anapatsira anzawo angapo a kutchalitchi, Amalawi ndi a ku Zambia. Wamkulu pa onsewo ndi injiniya wina wa ku Chipata amene tonse timangomutcha amalume, ngakhale palibe amene ali naye pachibale. Amakhala pamwamba pa mashopu a nsalu. Chaka chilichonse, Lamulungu limenelo tikaweruka kutchalitchi, amuna amakhala mozungulira m'chipinda chochezera cha amalume, n'kumalosera mmodzimmodzi kuyambira wamkulu kutsika pansi. Salemba paliponse. Amalume amati mutu wawo ndi wokwanira, ndipo n'chifukwa chake mu Januwale pamakhala mkangano wosatha. Mayina a matimu anawasintha kalekale. Timu ya kumzinda wozizira, yovala zobiriwira, ndi a ku Dedza. Ya kuchipululu ndi a ku Nsanje. Ya kumzinda wa juga ndi a ku Bwandilo. Ena amangowatchula ndi zovala zawo: Apepo, Ofiira, Anyenyezi. Amene walephera kwambiri amaotcha nyama mu Januwale kupaki, kunja kutazizira, atavala epuloni ya mkazi wa amalume, anzake atakhala pamikeka n'kumamulamula.

Choncho kulosera n'kulonjeza kuti mu Januwale udzakhalapo. Palibe anakonza kuti zikhale choncho. Chaka china akawuntanti wina wa ku Mzuzu, itafika nthawi yake, anangoti, "Chaka chino ine ndingomvera." Anamuseka kuti ndi wamantha, akuopa epuloni. Pofika Okutobala m'fulati mwake munali mutalowa anthu ena. Chaka chotsatira mnyamata wa ku Kitwe wogwira ntchito m'ndege ananena mawu omwewo, ndipo palibe anaseka. Mwamuna wa kwathu sanena pagulu kuti andichotsa ntchito. Akhoza kuulula kuti ali ndi shuga, akhoza kuulula kuti mwana wake walephera mayeso, koma izi ayi. Ndiye mawu amenewa anasanduka njira yotsanzikira. Munthu akati angomvera, amalume amati chabwino, n'kuitana wotsatira. Palibe amafunsa. Potuluka amamugwira dzanja nthawi yotalikirapo, ndipo mkazi wa amalume amamulongedzera chakudya chochuluka kuposa ena onse.

Ife amayi timakhala kukhitchini, koma chitseko sititseka. Mkazi wa akawuntanti wa ku Mzuzu uja anamvera pachitseko chomwecho kuti akupita kwawo.

Masabata otsatira kuchotsedwa ntchito kuja, amuna anga ankadzuka nthawi yomwe ankadzukira ali pantchito. Ankasamba, kusita shati, kuvala, n'kukhala patebulo ndi laputopu. Ngati ankafunsira ntchito ine sindinaone. Chimene ndinkaona ndikabwera madzulo ndi azungu ndi akuda a ku America, ovala masuti, akukalipirana za amene adzatsogole gulu lakuti. Ndikangovula nsapato ankayamba.

"Mayi, inu ndi nesi. Woponya mpira wa a ku Nsanje anamuchita opaleshoni ya chigongono. Chimapola msanga chimenecho?"

"Zimatengera."

"Ayi, nenani. Munthu angaponye nacho mu Seputembala?"

"Angaponye, koma pofika Novembala chidzamukumbutsa."

"Ndiye a ku Nsanje achotseni. Gulu limenelo ndi la Ofiira aja a kunyanja yamchere. Mwamva? Bwerezani."

Ndinkabwereza, maso ali pa mpunga. Tsiku lina zinali za kochi watsopano amene osewera sakumufuna, tsiku lina za timu imene yagulitsa otchinga ake onse abwino n'kusiya woponya mpira poyera ngati mwana wankhuku. Pa zaka zonse za ukwati wathu sanandiuzepo za mpirawu motere. Kale ndikafunsa ankati ndi zovuta kufotokoza. Tsopano ankafotokoza mpaka chakudya kuzizira, ndipo mawa lake ankandifunsa ngati mwana wa sukulu kuti aone ngati ndagwira. Gulu limodzi lokha ndi limene sanalitchule, la a ku Dedza, chifukwa pamenepo panalibe chokambirana. Imeneyo ndi timu yawo. Amailosera chaka chilichonse, ili bwino kapena ikudwala, ndipo anavalapo epuloni chifukwa cha iyo. Apepo, amene ali m'gulu lomwelo, safuna n'kuwamva komwe. Ndinagulapo nsalu ya pepo ya makatani, anandibwezetsa kushopu.

Ndinaganiza kuti munthu amene akupita sangadzivute chonchi. Munthu wokonzekera kulosera ndiye kuti alosera, ndipo akalosera ndiye kuti watsala. Sindinganene kuti ndinasangalala, chifukwa masiku amenewo kusangalala kunalibe polowera. Ndinangoona kuti ndayambanso kugula buledi wamkulu osaganiza kawiri. Mnzanga wa kuntchito, nesi wa ku Kerala, anandifunsa za amuna anga tikusintha mayunifomu, ndipo ndinamuuza kuti atsala. Anati inshallah, n'kupitiriza kumanga tsitsi lake.

Lamulungu lija tinakwera sitima titaweruka kutchalitchi. Kuchoka pa siteshoni kufika kwa amalume ndi pafupi, koma tinafika zovala zitamatirira kumsana. Makina oziziritsa m'nyumba ankadonthera m'ndowa imene anaika pansi pake. Panali biriyani wogula pa lesitilanti ya pansi, nkhuku yokazinga, ndi mfutso wa nkhwani umene wina anabwera nawo kuchokera ku tchuthi, ndipo unatha anthu asanakhudze nkhuku. Titadya amuna anakoka mipando. Ine ndinaima pachitseko cha khitchini ndi kansalu kopukutira mbale, ngakhale mbale zonse zinali zitapukutidwa kale.

"Yalla, tiyambe," anatero amalume. "Manje chaka chino palibe kusintha mawu mu Novemba. Nimakudziwani imwe a ku Malawi."

Anayamba okha, poti ndiwo aakulu. Anatchula magulu onse modekha ngati akuwerenga zolengeza za kutchalitchi, ndipo atafika pa Anyenyezi chipinda chonse chinadandaula.

"Amalume, mwayambanso? Anthu amenewa anakuvekani epuloni chaka chatha."

"Chaka chino ni chathu."

"Mumatero chaka chilichonse."

"Ndiye tsiku lina nizalondola chabe. Wotsatira."

Wotsatira anali dokotala wa mano wa ku Zomba, amene amalosera ndi zifukwa zazitali zoti palibe anamupempha. Anaika a ku Bwandilo pamwamba, anzake n'kumufunsa ngati mkazi wake akudziwa kuti amakonda kumeneko. Anthu anaseka. Ine ndinkayang'ana kumbuyo kwa mutu wa amuna anga, pamene tsitsi layamba kuthothoka. Ndinkaona kuti kolala ya shati yawo yapindika mbali imodzi, ndipo maganizo anga onse anali pa kolalayo.

"A ku Ntcheu," anatero amalume. "Ni nthawi yanu."

Amuna anga anavula magalasi, kuwapukuta ndi shati, n'kuwavalanso.

"Amalume, ndili ndi pempho. Chaka chino mpando wanga ndikuupereka kwa mayi a kunyumbawa. Alosere iwowo. Ndawaphunzitsa bwinobwino, simuwapeza opepuka. Akalephera, nyama adzaotcha okha. Amatha kuposa ine."

Bambo wina watsopano, amene anali asanathe chaka ku Dubai, anaseka mokweza, kenako anaona kuti akuseka yekha. Madzi ankadontha m'ndowa muja. Kumbuyo kwanga mkazi wa amalume anasiya kutsuka poto.

"Chabwino," anatero amalume. "Mulamu, bwerani munkhale apa."

Amuna anga anaimirira n'kukaima cha kukhomo, pamene panali nsapato za anthu. Ine ndinayenda, kansalu kadakali m'manja, n'kukhala pampando wawo. Unali wofunda. Ndikukumbuka kuti ndinaganiza zimenezo, kuti mpandowu ndi wofunda, ndipo palibenso china chimene ndinaganiza. Pa zaka zonsezo palibe mkazi anakhalapo m'bwalo limenelo. Amuna aja ankayang'ana pansi, ena pa mafoni awo ozimitsa.

"Gulu loyamba," anatero amalume.

Ndinatchula. Mawu ankatuluka okha, m'ndondomeko yomwe ankandiuzira patebulo pathu. Ofiira, chifukwa chigongono cha wa ku Nsanje chidzamukumbutsa mu Novembala. Anyenyezi ayi, pepani amalume, otchinga awo ndi okalamba. Dokotala wa mano anafuna kunditsutsa pa a ku Bwandilo, ndinamuyankha za kochi wawo, iye n'kugwedeza mutu osapitiriza, mwina chifukwa cha chisoni. Ndinkadzimva ndikulankhula ngati ndikumva wailesi ya kwa aneba. Chapakati penipeni m'pamene zinandilowa kuti masabata onse aja amuna anga sankakonzekera kutsala. Ankakonzekeretsa ine, ndipo ine ndinkabwereza pambuyo pawo ngati chitsiru, n'kumagula buledi wamkulu.

"Lomaliza," anatero amalume. "Koma ili tiziba kale. A ku Dedza."

"Apepo," ndinatero.

Mitu yonse inadzuka. Apa ndiye chinthu chinagwedezeka mwa ine kwa nthawi yoyamba mwezi wonsewo, ndipo unali mkwiyo. Ndinafuna kuwabaya pamene amamva kuwawa, pamaso pa anzawo, monga iwo anandichitira ine. Komanso ndinkafuna anditsutse. Ndinkafuna anene kuti mayi dzukani pampando wanga, mwaononga, ndilosera ndekha. Munthu amene anandibwezetsa makatani kushopu sakanalola kuti Apepo atchulidwe pampando wake.

"A ku Ntcheu, mwamvera?" anafunsa amalume. "Muvomereza?"

"Mpando ndi wawo, amalume," anatero amuna anga. "Alosera mmene aonera."

Amalume anaitana wotsatira. Ndinakhala pomwepo mpaka womaliza anamaliza, chifukwa palibe anandiuza kuti ndidzuke. Potuluka aliyense anagwira dzanja la amuna anga nthawi yotalikirapo. Bambo watsopano uja wina anali atamutsina khutu, ndiye anawagwira ndi manja awiri mpaka zinachititsa manyazi. Mkazi wa amalume anawapatsa jumbo yolemera ndi makontena a biriyani ndi nkhuku. Ine anangondifinya mkono pamwamba pa chigongono.

Tinadutsa m'mashopu a nsalu. Ogulitsa ankatiitana kuti tione silika, ine ndinkangoyenda. Pa siteshoni sitima itafika ndinalowa m'chigawo cha amayi ndi ana. Mkati mwa sitima, pakati pa chigawo chimenecho ndi cha anthu onse, palibe chitseko, pali mzere wojambulidwa pansi basi, ndipo mwamuna akaudumpha amamulipiritsa. Amuna anga analowera khomo linalo, n'kubwera kudzaima pamzerewo, nsonga za nsapato zawo zili m'mphepete mwake. Ine ndinaima mbali yanga, nditagwira chitsulo.

"Mukanandiuza kunyumba," ndinatero.

"Ndinayesa. Pakamwa sipankatseguka."

"Koma pamaso pa anthu panatseguka."

Ndinawaponyera funso lina.

"Viza yanga ili ndi minga, abambo?"

"Ilibe minga. Mwezi woyamba mukanandimvera chisoni. Wachiwiri ndikanayamba kukwiya mukachedwa kuntchito. Pofika Khirisimasi tikanakhala anthu awiri odana m'chipinda chimodzi. Ndimadzidziwa, mayi. Kumudzi ndikafunafuna ntchito, ndipo ana akatsekera adzapeza kholo pakhomo."

"Tikiti mwagula?"

"Ndagula. Lachinayi la sabata yamawa."

Ndinawerengera mumtima kuti ndiye kuti sadzaona ngakhale masewero oyamba ali kuno. Sitima inalowa pansi pa mtsinje, mawindo anada, ndipo ndinadziona pagalasi ndili ndi kansalu ka mbale ka mkazi wa amalume paphewa. Ndinali nditatuluka nako.

"Ndiye bwanji simunangonena kuti mungomvera, ngati anzanu onse? Kundikhazika pampando paja kunali kwa chiyani? Kuti andione bwino?"

Anasinthira jumbo ija kudzanja lina.

"Mkazi wa akawuntanti wa ku Mzuzu anapita ndi mwamuna wake," anatero. "Koma mukukumbuka mlongo uja wa ku Kasungu, amene mwamuna wake anapita iye n'kutsala? Anabwera kwa amalume kangati pambuyo pake?"

Ndinamukumbuka. Sanabwerenso. Palibe anamuthamangitsa. Amayi timafika kumeneko titatsatira amuna athu, ndiye mwamuna akachoka palibe amakumbukira kukuimbira foni, ndipo nawe umachita manyazi kupita wekha. Ndinakumana naye kamodzi mu shopu ya zakudya, atanyamula kabasiketi ka munthu mmodzi, ndipo ndinamulonjeza kuti ndidzamuyendera.

"Inu simucheza ndi anthu, mayi. Ntchito, nyumba, ntchito. Ndikanangoti ndingomvera, mukanatseka chitseko cha fulati ija mpaka chaka chamawa. Tsopano mwalosera. Lolemba lililonse adzakuimbirani kuti akusekeni. Mu Januwale adzakufunani kupaki, mufune musafune, amalume sakhululukira munthu wothawa epuloni." Anayang'ana pansi. "China choti ndikusiyireni ndinalibe."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayankhe zowawa, poti ndinali nazo zokonzeka, koma chimene chinatuluka ndi kulira, kwa mawu, kumene sindinalirepo chimwalirire bambo anga. Amayi a m'chigawomo anatembenuka. Mayi wina wa ku Philippines anadzuka pampando wake n'kundikhazika, akundifunsa ngati ndadwala, wina akufunafuna madzi m'chikwama. Anandizungulira anthu osandidziwa, akundisisita kumsana. Pakati pa mapewa awo ndinkawaona amuna anga ataima pamzere paja, jumbo ya chakudya ili m'manja, phazi limodzi atalinyamula pang'ono, osatha kuwoloka.